Chigawo Chimene Achimwene Anachotsa

Foni yoyamba inali ya a Chipewa, dalaivala wathu wamkulu, ndipo inandipeza ndikadali m'basi. Moni sanapereke n'komwe.

"Mayi, lero tikafika bwanji kwa anthu? Pa foni pakungooneka dera ndi msewu basi. Zizindikiro zonse zasowa."

Ndinawauza kuti azimitse foniyo n'kuyatsanso, monga timauzira aliyense tikafuna kuti atipatse mpata woganiza. Anati ayesa kale, ndipo anzawo onse akuona zomwezo.

Kampani yathu imaperekera mpweya wa odwala m'makomo. Anthu amene mapapo awo atopa, achipatala akawatulutsa, amakapumira kunyumba ndi masilinda athu, ndipo silinda ikatha sungamuuze munthu kuti ayambe wasiya kupuma mpaka mawa. Makomo ambiri amene timapitako alibe manambala, kapena nambala inalembedwa ndi makala ndipo mvula inafufuta kalekale. Dalaivala amadalira chizindikiro: geti lobiriwira kuseri kwa owotcherera zitsulo, nyumba ya mawindo amatabwa mukangodutsa pa mpope, pamene pali galu wa miyendo itatu. Mukachotsa zimenezi mwamuchotsa maso.

Ine ndi achimwene anga ndife amene timasamala detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta mmene mumakhala zonse za kampani. Anaimanga ndi iwo, ine ndisanalowe ntchito. Kumene munthu amakhala sanakumwaze m'madanga osiyanasiyana ayi. Anapanga mtundu umodzi wophatikiza, n'kuutcha kuti malo, ndipo mkati mwake anaikamo zigawo: dera, msewu, nambala ya nyumba, ndi chizindikiro. Tebulo la odwala, kutanthauza mndandanda wawo m'detabesimo, limagwiritsa ntchito mtundu womwewo, tebulo la maulendo a magalimoto womwewo, la zipatala zimene zimatitumizira anthu womwewonso. Pondiphunzitsa ankakonda kunena kuti chikombole cha njerwa ukachisintha, njerwa zimene zili kale m'khoma sizidziwa n'komwe, koma chikombole ichi ukangochikhudza khoma lonse limamva.

Mtundu uliwonse umakhala ndi mwini wake, ndipo detabesi silola munthu wina kuusintha. Mwini wa mtundu umenewu anali mmodzi yekha. Choncho pokwera masitepe a ku ofesi ndinalibe choti ndifufuze, ndinkangopempha mumtima kuti ndikhale ndalakwitsa.

Chipinda chathu chili pamwamba pa mosungira masilinda, moti tsiku lonse pansi pamangomveka zitsulo kugundana. Ndinawapeza achimwene atakhala pa desiki yawo ya pawindo, jekete atakoleka kumpando, taye ili pakhosi, tiyi akufuka nthunzi. Nkhope inali yowala ngati ya munthu amene wagwira ntchito anzake akadali m'mabulangeti.

"Mchira, wachedwa," anatero.

Dzina limeneli anandipatsa ndili kamwana chifukwa kulikonse kumene ankapita ndinkawalondola. Pano ndine mayi wa ana akuluakulu, imvi zayamba, ndipo wina aliyense atanditchula choncho angaone zakuda. Koma iwo ayi.

"Ndakonza kanthu kaja madalaivala ankalira," anapitiriza. "Chizindikiro chinali chopanikiza, mawu ankadukira panjira. Tsopano alembemo ngakhale kalata yofunsira mbeta."

Dandaulolo linali loona. Chigawo cha chizindikiro chinkalandira zilembo zochepa, ndiye dalaivala ankawerenga kuti "kuseri kwa nyumba ya" n'kuthera pomwepo. Koma detabesi imakana kukulitsa chigawo cha mtundu wophatikiza pamene matebulo akuugwiritsa ntchito. Pamafunika kuzungulira. Umawonjezera chigawo chatsopano chachikulu, n'kukopera zonse za m'chakale, n'kuona ngati zafika, kenako n'kuchotsa chakale, ndipo pomaliza chatsopanocho umachipatsa dzina la chakale chija. Ndondomeko imeneyi anandiloweza ndi iwo omwewo, mpaka ndinkaiimba posamba.

"Munakopera?" ndinafunsa.

"Kukopera chiyani?"

"Zimene zinali m'chigawo chakale."

"Ndachotsa chakale, ndaika chatsopano, dzina lomwelo. Taona wekha." Analoza pa sikirini ndi supuni ya tiyi. Chizindikiro chinalipodi pamndandanda wa zigawo, chachikulu bwino.

Ndinawerama pa kiyibodi yawo n'kuitanitsa mizere ya m'tebulo la odwala. Dera linalipo, msewu unalipo. Pa chizindikiro panali mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinaitanitsa tebulo la maulendo, chimodzimodzi, la zipatala chimodzimodzinso.

Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anandisisita pamkono ngati akutonthoza mwana.

"Usade nkhawa. Dzina ndi lomwelo, zibwerera zokha. Ingoipatsa nthawi."

Akanalankhula zimenezi mwana wa sukulu wodzaphunzira ntchito, ndikanaseka mpaka misozi, n'kukafotokozera anzanga pa nkhomaliro. Koma ankalankhula ndi munthu amene anandiphunzitsa kuti chigawo ukachichotsa chapita ndi zake zonse, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndiye popeza ine chisoni chikandigwira chimatulukira kukamwa ngati ukali, ndinawazazira.

"Tachokani pamenepo, achimwene. Musakhudzenso kanthu."

Ananyamuka atanyamula kapu yawo ndi manja awiri, n'kukakhala pa mpando wa alendo pafupi ndi chitseko. Mpaka lero ndikawakumbukira atakhala pamenepo mtima umandipweteka.

Mwayi wake seva yathu, kompyuta yaikulu mmene mumakhala detabesi, imasunga kope la zonse usiku uliwonse, ndipo iwo anachita zimenezi m'mawa womwewo. Ndinadzutsa kopelo pambali, n'kuyamba kukoka zizindikiro ndi kuzithira m'chigawo chatsopano, tebulo ndi tebulo. Si ntchito yovuta koma siithamangitsidwa. Nthawi yonseyi atsikana a pa mafoni m'chipinda chinacho ankaimbira abale a odwala kufunsa njira, ndipo madalaivala ankaima m'mphepete mwa misewu kudikira. Dzuwa lisanafike paliwombo zonse zinali zitabwerera.

Nyumba imodzi foni yake sinkapezeka. Anali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, amene tinali titangoyamba kumuperekera. A Chipewa anazungulira dera lonse akufunsa amayi ogulitsa makala ndi ometa tsitsi, ndipo pamene ankafika, singano ya pa silinda inali itagona kale pofiira. Mwana wamkazi wa bamboyo sanakalipe, anangowayang'ana. A Chipewa atabwera anandifotokozera zimenezi motsitsa mawu, pa masitepe, kuti achimwene asamve. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Pa masitepe pomwepo ndinaimbira alamu anga, akazi awo a achimwene. Ife awiri tinali titasunga nkhani ya kuiwala kwa achimwene kwa miyezi ndithu. Zinayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina anameta ndevu kawiri m'mawa umodzi. Tsiku lina anatsika basi pa siteji ya nyumba imene tinkakhala tili ana, n'kuima pageti la eni ake akudabwa kuti kiyi sakulowa. Ku ntchito analemba pulogalamu imene anali atailemba kale sabata yapitayo, ndipo ataipeza yoyamba ija anakwiya kuti pali wina akuwabera nzeru. Dokotala anawaunika, anatchula dzina la matendawo, n'kunena mosabisa kuti sabwerera m'mbuyo. Tinagwirizana kuti ine ndiziyenda kumbuyo kwawo, kuona chilichonse chimene alemba chisanafike pa seva. Zinkatheka ndithu, kufikira m'mawa umene anandifulumirira kufika.

Alamu anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Alamu, chonde asawachotse," anatero. "Bambowa chimene chimawadzutsa m'mawa ndi taye ija. Loweruka ndi Lamlungu amangozungulira m'nyumba muno kundifunsa ngati kwacha Lolemba. Akangowauza kuti akhale pakhomo, tawaika m'manda ali moyo."

Ndinawalonjeza kuti ndiyesetsa, ngakhale sindinkadziwa kuti ndiyambira pati.

Abwana anandiitana itangotha nkhomaliro. Ndi mayi wosachulutsa gaga m'diwa, ndipo kampaniyi anaiyamba ndi galimoto imodzi, achimwene ali pambali pawo ndi kompyuta yobwereka. Ndinayamba kufotokoza za seva ndi zigawo, mawu ambirimbiri oti munthu asochere, koma anakweza dzanja.

"Ine si mwana, mayi. Ndakhala ndikuona. Mwezi watha anandifunsa ngati mwamuna wanga wachira, chonsecho pamaliro pake ananyamula nawo bokosi."



"Desiki yawo ikhale," anapitiriza. "Azibwera tsiku lililonse, azimwa tiyi wawo, azikulangizani. Sindingawataye. Koma dzanja lawo lisafikenso pamene pali mpweya wa anthu. Zikapanda kutheka pofika nthawi yoweruka, ndiwalembera kalata, ndipo ndilira polemba, koma ndilemba."

Anatsegula kabati n'kutulutsa envelopu mmene timasungamo kiyi wamkulu wa detabesi, mawu achinsinsi amene amatsegula paliponse posafunsa mwini. Ndi kiyi ameneyo ndikanatha kusamutsa umwini wonse mwakachetechete achimwene akumwa tiyi. Ndinaibweza envelopuyo. Kumeneko kukanakhala kuwameta mpala wopanda madzi, ndipo munthu amene anandilera bambo athu atamwalira sindikanamuchita zimenezo.

Matenda amenewa ali ndi nkhanza yake ina: amabwereketsa munthu maola abwino. Masana amenewo ndinawapeza achimwene m'kachipinda ka seva, mozizira muja, ataima manja m'thumba akuyang'ana timagetsi tikuphethira. Atatembenuka ndinaona kuti maso awo ndi akale aja.

"Tseka chitseko," anatero. "Anthu akundilambalala lero. Ndachita chiyani?"

Ndinawauza zonse, osachotsera. Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuyamba kuwerenga ndondomeko ija pa zala. Kuwonjezera chatsopano. Atafika pa chala chachiwiri anaima, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndadumpha kukopera."

"Eya."

"Wafa munthu?"

"Ayi."

"Koma akanafa."

"Eya, achimwene."

Ndinafotokoza zimene abwana ananena. Ndinkayembekezera mkangano, chifukwa kwathu tonse ndife a makani, ndipo iwo ndi amene anandiyambitsa. Koma anangokoka kampando, n'kukhala pa kompyuta ya m'chipindamo, n'kulowa ndi dzina lawo. Zala zinkathamanga ngati kale. Analemba lamulo losintha mwini wa mtundu uja wa malo, kenako la mitundu ina yonse, kenako la matebulo, ndipo paliponse pofunika mwini watsopano ankalemba dzina langa. Pomaliza analemba lodzichotsera okha mphamvu zosintha kanthu, kungotsala zowerenga. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikulira ngati mwana, mamina ndi misozi, osachita nazo manyazi.

Asanadine batani lomaliza ananditembenukira.

"Mawa ndikhoza kudzuka munthu wina. Ndikadzakupempha kuti undibwezere, usadzabweze. Ndikadzalira, ndikadzakutukwana, usadzabweze. Wamva, Mchira?"

"Bwanji mulembe papepala, musayine, kuti ndidzakuonetseni?"

"Pepala ndidzati walemba ndiwe. Umatha kutsanzira siginecha yanga kuyambira uli ku pulayimale, usaganize kuti sindinkadziwa."

"Ndiye ndikujambuleni pa foni."

"Ayi. Sindikufuna kudzadziona ndili chonchi." Anadina batani lija. Detabesi inayankha ndi mawu ake ochepa aja osonyeza kuti zatheka, ndipo iwo anadzuka n'kukonza taye. "Tiye tikamwe tiyi, kuno kukuzizira."

Masiku otsatira anali okoma moti ndinayamba kudzitama mumtima kuti tapambana. Ankabwera m'mawa, kukoleka jekete, kuwerenga zimene ndalemba ndi kundinyoza kuti mayina amene ndimapatsa zinthu ndi aatali ngati njanji. Alamu ankanditumizira uthenga madzulo kuti afika bwino ndipo adya. Abwana akamadutsa ankawapatsa moni wa ulemu wonse. Ndinaiwala kuti zimene anachita m'kachipinda kaja nazonso zinalowa m'mutu womwewo umene sukusunga kanthu.

M'mawa wina ndikupachika chikwama ndinamva akuti, "Mchira, madalaivala akudandaula kuti chizindikiro n'chopanikiza. Ndikuti ndichikulitse."

"Tinakulitsa kale, achimwene."

"Liti? Iwenso. Dikira uone."

Ndinaona pa sikirini yawo akulemba lamulo lochotsa chigawo chija, lomwe lija, mawu ake osaphonya ngakhale amodzi. Anadina. Detabesi inakana, inati ayenera kukhala mwini wa mtunduwo. Anaseka pang'ono n'kulembanso. Inakananso.

"Taona zodabwitsa. Chinthu ndinachipanga ndekha chikuti si changa. Pali amene walowa muno." Anayamba kufufuza kuti mwini ndani, ndipo zimenezi zala zawo zinkazidziwabe bwino lomwe. Ndinaima chilili, chikwama chili m'manja. Dzina langa linatuluka pamzere woyamba, wachiwiri, mpaka pansi.

Sanatembenuke msanga.

"Iwe?"

"Munandipatsa nokha, achimwene. M'kachipinda ka seva. Munalemba ndi manja anu."

"Ine ndingapereke ntchito yanga kwa iwe ndili moyo? Chifukwa chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za m'mawa uja, za a Chipewa, za mphunzitsi wopuma uja. Ankandiyang'ana ngati ndikuwauza maloto. Atsikana a pa mafoni anasiya kulankhula m'chipinda chinacho.

"Ndiye wakonza ndi nkhani yomwe," anatero. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza. "Ndinakutenga ulibe ndi nsapato zomwe. Ndinakugwira dzanja pa kiyibodi, chala ndi chala. Ndinakupezera ntchito muno. Ukanangondiuza kuti ukufuna mpando wanga, ndikanakupatsa, chifukwa ndinakumana chiyani ine chibadwire chako? Koma kundibera?"



"Bweza," anatero. "Bweza pompano, tiiwale."

Zinali zosavuta. Mizere yochepa chabe, ndipo akanandimwetulira n'kunditchulanso dzina langa lija. Ndinayang'ana lamulo limene linali likadali pa sikirini yawo, lodikira kuchotsa njira za kumakomo onse aja.

"Ayi, achimwene."

Anavala jekete mosafulumira, anatsuka kapu yawo pa sinki n'kuivundikira, ndipo anatsika masitepe. Ndinapempha a Chipewa kuti awatsatire ndi galimoto n'kukawasiya kunyumba. Ku ofesi achimwene sanabwerenso. Abwana anasunga mawu awo, desiki ilipobe pawindo, koma alamu akati awatulutsire taye amakana, amati kumene kuja kuli akuba.

Ndinkadzitonthoza kuti aiwala. Munthu woiwala kuti wadya, woiwala maliro amene ananyamula nawo bokosi, angasunge bwanji mkangano wa m'mawa umodzi? Ndinkati ndingodikira, tsiku lina ndidzalowa pakhomo n'kumva akuti ndachedwa. Koma zinthu zimene ndinkafuna kuti zikhale zinapita, ndipo ichi chokha chinakhazikika. Ndikapita kukawaona ankalowa kuchipinda. Alamu ankandiperekeza mpaka pageti akupepesa, ngati olakwa ndi iwo.

Lamlungu lapitali ndinapitanso. Ndinawapeza pakhonde atakhala pa mpando wa pulasitiki, atavala juzi ngakhale kunkatentha, wailesi ikulira pansipansi pambali pawo. Aonda. Ulendo uno sanathawe. Anandiyang'ana ndikukwera masitepe a pakhonde, ndipo ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo monga ndinkachitira kale.

"Mchira," anatero.

Ndinagwira dzanja lawo ndipo sanalichotse.

"Pali chinthu unanditengera," anatero mofatsa. "Ndakhala ndikuganiza, sindikukumbuka kuti n'chiyani. Ndafunsa alamu akowa, akuti palibe. Koma ndikudziwa kuti chilipo, chifukwa ndikakuona pano pamandiwawa." Analoza pachifuwa. "Kaya ndi chiyani, mlongo wanga, ingobweza. Sindiuza munthu. Ndatopa kukukwiyira."

Alamu anali ataima pakhomo ndi thireyi ya makapu, akundigwedezera mutu kuti ndingovomera, ndinene kuti ndibweretsa mawa, poti mawa sadzakumbuka. Mwina akanatero munthu wanzeru. Koma amene anandilamula m'kachipinda kozizira kaja anali achimwene anga enieni, ali bwinobwino, ndipo ndi mawu omaliza amene anandisiyira asanayambe kuchoka.

"Sindingabweze, achimwene. Munandiuza nokha kuti ndisadzabweze."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera. Kenako anachotsa dzanja lawo m'manja mwanga, n'kukweza wailesi.